Chikho chidafika ku Naturena, koma bala la Kaizer Chiefs silidapole

Ndiyambe ndi kuulula kuti ndine wochemerera Kaizer Chiefs. Ndanena izi pachiyambi pomwe kuti inu a Orlando Pirates ndi a Mamelodi Sundowns amene tili nanu m'bungwe lathu lino mudziwiretu kuti wolankhulayu ndi munthu wa bala, osati woimbira mpira wosakondera mbali. Kumudzi ndine wa Bullets, koma za kumeneko tidzakambirana tsiku lina.

Loweruka pa 10 Meyi 2025 ndidakhala chete pampando m'nyumba imene timachita lendi kummwera kwa Johannesburg, maso ali pa wailesi yakanema, kuonera ndime yotsiriza ya Nedbank Cup pabwalo la Moses Mabhida ku Durban. Gaston Sirino adagoletsa penate masewero atangoyamba kumene. Sipadatenge nthawi, Evidence Makgopa wa Pirates adabweza. Kenaka kutatsala mphindi ngati khumi kuti mpira uthe, kaputeni Yusuf Maart adaumenya mpira uja n'kukagwera muukonde. Ndidakuwa mokweza mpaka mayi a kunyumba adathamanga kuchokera kukhitchini poganiza kuti kwagwa zovuta. Chidali chikho choyamba cha Chiefs kuchokera pamene idatenga ligi m'chaka cha 2015. Zaka khumi zathunthu.

Mwana wanga wamwamuna, amene adabadwira konkuno ndipo amavala jezi ya Sundowns m'nyumba yanga yomwe, adadikira kuti phokoso lithe. Ndiye adandifunsa mwaulemu wake kuti, "Ababa, kodi chimene mwatengachi ndi ligi?"

Sindidamuyankhe. Funso limenelo ndi limene landichititsa kulemba, chifukwa ndaona kuti ambiri a ife ochemerera Amakhosi tidatenga usiku wa ku Durban uja ngati umboni wakuti timu yachira. Ine ndikuti idangopeza mpumulo. Matenda amene adaigwira kwa zaka khumi sali mwa mphunzitsi mmodzi, ndiponso sachizika ndi chikho chimodzi.

Chikho chili ngati tsiku la ukwati: aliyense amasamba, amavala bwino, ndipo ngakhale mlesi amaoneka wakhama. Ligi ndiye banja lenileni, limene limayesa munthu tsiku ndi tsiku. Kuti utenge Nedbank Cup umangofunika kupambana masewero asanu. Chiefs idawapambanadi, ndipo sindikuchepetsa, poti m'njiramo idagonjetsa Stellenbosch, idakaswa Sundowns 2-1 kwawo ku Pretoria ndi zigoli za Wandile Duba ndi Ashley Du Preez, n'kudzamaliza ndi Pirates. Komatu m'ligi ya chaka chomwecho timu yomweyo idathera pa nambala 9, kulephera kulowa m'gulu la matimu asanu ndi atatu amene amapikisana mu MTN8. Ndipo Pirates imene tidaiseka ku Durban ija idali itatigonjetsa 2-1 m'ligi pabwalo la FNB sabata imodzi yokha m'mbuyomo.

Tiyeni tiyang'ane mndandanda wa ligi, poti uwo sunama. Mu 2019/20 Chiefs idathera pa nambala 2. Zaka zotsatira idathera pa nambala 8, pa 5, pa 5, pa 10, kenaka pa 9. Nambala 10 ija, ya 2023/24, idali yotsikitsitsa chiyambire Premier Soccer League mu 1996. Chaka chimenecho Chiefs idapata mapointi 36 pamene Sundowns idapata 73. Kusiyana kwake kudali mapointi 37, kutanthauza kuti dzenje la pakati pa matimu awiriwa lidali lalikulu kuposa zonse zimene Chiefs idakolola chaka chonse. Sundowns idatenga ligi kasanu ndi katatu motsatizana, kuyambira 2017/18 kufikira 2024/25. Mwana wanga sadasankhe timu mwachipongwe ayi. Adangotsegula maso n'kuona amene akupambana.

Kuti mumvetse chifukwa chimene zimenezi zimandiwawira, ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Ndidafika kuno ku Joni m'chaka cha 2000, ndilibe chinenero cha kuno, ndilibenso mnzanga kuntchito. Ambiri a inu mukudziwa mayina amene mlendo amaitanidwa nawo m'dziko lino, sindiwabwereza. Koma tsiku limene anzanga a kuntchito adamva kuti ndine wa ku Malawi, mmodzi wa iwo adatchula dzina la Patrick Mabedi, ndipo kuyambira pamenepo ndidali ndi pokhala pa nthawi ya nkhomaliro. Mabedi adachokera ku Bullets ya ku Blantyre n'kudzakhala wotchinga kumbuyo komanso kaputeni wa timu yokondedwa kwambiri mu South Africa. Mu Disembala 2001, pansi pa mphunzitsi Muhsin Ertugral, ndi iye amene adagoletsa penate imene idapatsa Chiefs chikho cha African Cup Winners' Cup pogonjetsa Interclube ya ku Angola. Chidali chaka cha misozi, chifukwa pa 11 Epulo chaka chomwecho anthu 43 adafa pa kupanikizana pabwalo la Ellis Park pamasewero a Chiefs ndi Pirates. M'chaka chotere, mpira wolemera chotere adaupereka m'miyendo ya Mmalawi. Kwa ine ndi anzanga ambiri a msinkhu wanga, jezi yachikasu ija idali ngati chiphaso chachiwiri.

Tsono taonani mmene timu imene idatenga ligi mu 2003/04 ndi 2004/05 pansi pa Ted Dumitru idamangidwira. Kumbuyo kudali Mabedi ndi Fabian McCarthy. Pakati padali Tinashe Nengomasha wa ku Zimbabwe, munthu wosatopa, pamodzi ndi malemu John Moshoeu. Kutsogolo kudali Collins Mbesuma, mnyamata amene adamutenga ku Roan United ya ku Luanshya m'dziko la Zambia, anthu a kuno asakumudziwa n'komwe. Mu 2004/05 Mbesuma adamwetsa zigoli 25 m'ligi yekha, asadapite ku Portsmouth ku England.

Sungani nambala imeneyo m'mutu, chifukwa mu 2023/24 timu yonse ya Kaizer Chiefs, kuphatikiza akutsogolo, apakati, akumbuyo ndi mapenate omwe, idamwetsa zigoli 25 pamasewero 30. Ntchito imene munthu mmodzi wa ku Zambia adaigwira yekha idafuna gulu lonse, ndipo gululo lidangofika pomwe iye adafika. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse ya kasewero ka timuyi m'zaka zapitazi. Mpira amaugwira, amaupatsirana bwino mpaka kufika pafupi ndi golo, kenaka aliyense amayang'ana mnzake. Chiyambire pamene Samir Nurkovic adamwetsa zigoli 13 mu 2019/20, zaka zisanu zidadutsa popanda wakutsogolo amene otchinga kumbuyo a matimu ena akadasowa naye tulo. Du Preez ali ndi liwiro loti gwape angachite nalo nsanje, koma akatsala ndi goloboyi yekha mtima wanga umakhala m'mwamba. Glody Lilepo, amene adabwera mu Januwale 2025, ndi wolimba mtima ndipo samaopa kuwombera, koma mwa kuona kwanga amawombera ngakhale pamene mnzake ali pabwino. Amenewa ndi osewera othandiza. Womwetsa zigoli weniweni ndi mtundu wina wa munthu.

Timu ya Stuart Baxter imene idatenga ligi mu 2012/13 ndi 2014/15 idalinso ndi msana woonekeratu: Itumeleng Khune pagolo, Tefu Mashamaite ndi Erick Mathoho kumbuyo, Willard Katsande wa ku Zimbabwe pakati, Siphiwe Tshabalala ndi Bernard Parker kutsogolo kwake. Ukadzuka Loweruka m'mawa unkadziwa mayina amene ayambe masewero usadaone nyuzipepala. Katsande adatumikira zaka khumi, kuyambira 2011 mpaka 2021. Yerekezani ndi Maart, amene adanyamula chikho ku Durban mu Meyi 2025, koma pofika Julayi adali atapita kale ku SV Ried ya ku Austria. Sindikumuda mnyamatayo, poti ifenso tidasiya kwathu kutsata ndalama ndipo tilibe pakamwa pomudzudzulira. Ndikungoti timu imene kaputeni wake amasintha ngati nyengo imasowa munthu woti anzake amuope ndi kumumvera.

Umboni wake tidauona mu Okutobala 2025 pamasewero a Carling Knockout ndi Stellenbosch. Mpira utatsala pang'ono kupita kumapenate, aphunzitsi adafuna kutulutsa goloboyi Fiacre Ntwari kuti alowe Bruce Bvuma, koma Ntwari adakana kutuluka, dziko lonse likuona. Chiefs idagonja pamapenatepo. Kaya Ntwari adali ndi zifukwa zotani, ine chimene ndidaona ndi chakuti m'bwalomo mudalibe wamkulu woti apite pomwepo, amugwire paphewa n'kumuperekeza kunja. M'masiku a Mabedi kapena a Katsande sindikhulupirira kuti nkhani yotere ikadatha mphindi imodzi.

Ambiri mwa anzanga amati vuto ndi aphunzitsi. Tiyeni tiwawerenge. Baxter atachoka mu 2015 kudabwera Steve Komphela, kenaka Mabedi yemweyo mogwirizira kwa masabata ochepa mu 2018, Giovanni Solinas, Ernst Middendorp, Gavin Hunt, Baxter kachiwiri, Arthur Zwane, Molefi Ntseki, Cavin Johnson, ndi Nasreddine Nabi. Anthu khumi m'zaka khumi. Hunt adabwera atatenga ligi kanayi ndi matimu ena. Nabi adabwera atatenga ligi kawiri ndi Young Africans ya ku Tanzania. Kodi onsewa adaiwala mpira atangolowa pachipata cha ku Naturena? Nabi, amene adathetsa chilala cha zikho, sadathe ngakhale miyezi isanu ndi umodzi chikhocho chitabwera. Adasiyana ndi timuyi chakumapeto kwa 2025, ndipo udindo udapita kwa omuthandizira ake, Cedric Kaze ndi Khalil Ben Youssef. Munda umene wasintha alimi khumi koma zokolola zili chimodzimodzi, pafunika kufunsa za mbewu ndi nthaka.

Ndivomereze kuti kudekha pakokha si mankhwala. Komphela adapatsidwa zaka pafupifupi zitatu ndipo sadatenge kanthu. Ndivomerezenso kuti Sundowns ili ndi chuma cha banja la Motsepe kumbuyo kwake, kotero imatha kugula osewera awiri abwino pamalo amodzi, wina n'kumangokhala pabenchi. Chiefs, imene Kaizer Motaung adaiyambitsa mu Januwale 1970 atabwerako ku Atlanta Chiefs ya ku America, ndi timu ya banja imene imadalira malonda ake. Zonsezi n'zoona. Koma nanga Pirates? Nayonso ilibe mgodi, komabe pansi pa Jose Riveiro idatenga MTN8 katatu motsatizana kuyambira 2022, ndi Nedbank Cup mu 2023 ndi 2024, uku ikukweza anyamata ngati Relebohile Mofokeng. Stellenbosch, timu yaing'ono ya kuminda ya mphesa, idathera pamwamba pa Chiefs mu 2023/24 ndi 2024/25. Nkhani ya ndalama ikufotokoza chifukwa chimene Chiefs sidathere pa nambala 1. Siikufotokoza nambala 10.

Kunena mosapsatira mawu, vuto ndi diso logulira osewera. Kale Chiefs inkapeza munthu asadatchuke, n'kumutchukitsa. Knowledge Musona adabwera kuchokera ku Zimbabwe mu 2009 ali mnyamata wa zaka 19. Pofika 2011 adali womwetsa zigoli zambiri m'ligi yonse ndipo adagulidwa ndi Hoffenheim ya ku Germany. M'zaka za chilalazi timuyi idakonda kugula mayina amene nyenyezi yawo idawala kale kwina: Khama Billiat kuchokera ku Sundowns mu 2018, Keagan Dolly kuchokera ku France mu 2021, Sirino kuchokera ku Sundowns mu 2024 ali ndi zaka 33. Onsewa ndi akatswiri, ndipo Sirino tidzamukumbukira chifukwa cha penate ya ku Durban. Koma amene akugulitsa mbuzi yake yamkaka amadziwa chifukwa chimene akuigulitsira.

Musandimve molakwa ngati ndikunena kuti aliyense wochokera kumpoto kwa Limpopo ndi mpulumutsi. Lazarous Kambole adabwera mu 2019 kuchokera ku ZESCO United ya ku Ndola ali ndi mbiri yomwetsa zigoli zitatu m'mphindi zisanu pamasewero a CAF Champions League, koma ku Chiefs zigoli zake zidali zowerengeka pa zala za dzanja limodzi. Ndipo nkhani ya Andriamirado Andrianarimanana wa ku Madagascar, amene ambiri ankangomutchula kuti Dax, idachititsa kuti bungwe la FIFA liletse Chiefs kulembetsa osewera atsopano kwa nyengo ziwiri zogulira osewera, chilango chimene chidagwera Hunt mu 2020/21. Mfundo yanga si ya pasipoti. Ndi yakuti kusankha wosewera ndi ntchito ya munthu wokhala pansi, woonera masewero ambiri ku Blantyre, ku Kitwe, ku Bulawayo ndi m'makomboni a konkuno, wodziwa malo enieni amene timu ikusowa munthu. Inu a Pirates mukudziwa bwino zimenezi, poti Gabadinho Mhango wathu adakumwetserani zigoli 16 mu 2019/20. Chaka chimenecho Chiefs idaphonya ligi ndi mapointi awiri okha.

Za chaka chimenecho ndisakhalitsepo, chifukwa bala lake likadali laliwisi. Timu idatsogola pafupifupi chaka chonse. Pa 5 Sepitembala 2020, m'bwalo lopanda anthu chifukwa cha mliri wa Covid-19, inkangofunika kugonjetsa Baroka. Billiat adagoletsa, Manuel Kambala wa ku Mozambique adabweza, masewero adatha 1-1, ndipo ligi idapita ku Sundowns. Chaka chimodzi m'mbuyomo TS Galaxy, timu ya ligi yachiwiri pa nthawiyo, idali itatilanda Nedbank Cup ndi penate ya mphindi zomalizira. Mu Julayi 2021 tidafika ndime yotsiriza ya CAF Champions League ku Casablanca, n'kukwapulidwa 3-0 ndi Al Ahly ya Pitso Mosimane. Pamenepo tidatinso timu yadzuka, poti yafika fainolo ya Africa. M'ligi idali itathera pa nambala 8. Taonani kuti bodza limene tidadzinamiza mu 2025 tidali titadzinamiza nalo kale.

Chiyembekezo changa chili mwa ana amene timuyi idalera yokha. Mduduzi Shabalala ali ndi maso oona mpata umene ena sakuuona. Duba ali ndi mwendo wamphamvu ndipo sanjenjemera pamasewero aakulu. Mfundo Vilakazi ali ndi luso lobadwa nalo, ngakhale ndimaopa kuti ife masapota tingamuwononge, chifukwa timamuombera m'manja akamwetsa munthu chenga pakati pa bwalo pamene timu ikufuna chigoli. Ndipo mtima wanga udasangalala kuona Aden McCarthy, mwana wa Fabian uja ankatchinga pambali pa Mabedi, akuima pamalo a bambo ake. Kumayambiriro kwa ligi ya 2025/26 iye ndi anzake akumbuyo, pamodzi ndi goloboyi Brandon Petersen, adasewera masewero angapo otsatizana osalola chigoli. Kumeneko ndiye kumanga nyumba kuyambira pamaziko. Koma ana otere amafuna mphunzitsi mmodzi wowalera kwa zaka zingapo ndiponso akuluakulu awiri kapena atatu m'bwalo owatchinga mphepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ku Naturena kudekha ndi katundu wosowa.

Pamenepa ndiloze chala kwa ife eni ake. Mu Epulo 2018, Chiefs itagonja 2-0 kwa Free State Stars pabwalo lomwelija la Moses Mabhida, masapota adalowa m'bwalo, kuswa zipangizo ndi kuvulaza alonda, ndipo Komphela adatula pansi udindo usiku womwewo. Mu 2023 Ntseki ankatuluka m'bwalo motetezedwa ndi apolisi, zinthu zikumugwera pamutu, ndipo adachotsedwa atangogwira ntchito miyezi inayi. Mu Novembala 2024, Sundowns itatithira zigoli 4 kwa 0 pa FNB, chisokonezo chidabukanso. Mnyamata wa zaka 20 amene akudziwa kuti akaphonya chigoli botolo limutsata, sangayese chinthu chovuta. Amangobweza mpira kumbuyo kuti mlandu ukhale wa wina. Kenaka ife tomwe timadandaula kuti timu ilibe mtima.

Kwa inu achinyamata a m'bungwe lathu amene mumapita kubwalo, ndikupempheni ngati mkulu wanu: chipwirikiti chikayamba, tulukani. Mwini dziko akamangidwa pabwalo la mpira amakagona kupolisi n'kubwerera kwawo. Iwe mlendo nkhani yake imakafika pa mapepala ako okhalira m'dziko muno, ndipo amene akudikira thandizo lako kumudzi sadzamva kuti udavutikira Kaizer Chiefs.

Ena andifunsa kuti ngati zili chonchi, bwanji osangosintha timu? Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Sindidayambe kukonda Chiefs chifukwa cha zikho zokha, choncho sindingaisiye chifukwa zikho zachepa. Koma kukonda sikutanthauza kuvina pamene ng'oma sidalire. Ndidzanena kuti timu yachira ndikadzaona mphunzitsi mmodzi akumaliza zaka zitatu pampando, wakutsogolo mmodzi akumwetsa zigoli 15 m'ligi, ndiponso Chiefs ikulimbirana ligi mpaka mwezi wa Meyi kwa zaka ziwiri zotsatizana. Sindikupempha zigoli 25 za Mbesuma. Ndatsitsa mtengo.

Jezi yanga ya m'masiku a Dumitru ikadali m'sutikesi imene ndidabwera nayo kuchokera ku Blantyre, ndipo mtundu wake wayamba kufwifwa. Tsiku lotsatira chikho cha ku Durban ndidaitulutsa n'kumupatsa mnyamata wanga uja kuti aiyese. Adaitembenuza uku ndi uku, adafunsa kuti Mabedi ankasewera nambala yanji, kenaka adaipinda bwinobwino n'kundibwezera. Akuti ndimusungire kaye.